Wayilesi Ikamalira "Shiii": Tiyeni Tiphunzire Kuyeza Phokoso

Ngodya ya Sayansi

Anzanga nonse a Fomu 1 mpaka Fomu 4, nkhani ya sayansi ya mwezi uno ikukhudza chinthu chimene makomo ambiri kuno ku Mulanje ali nacho, ndicho wayilesi. Mukudziwa zimene zimachitika nthawi ya nkhani siteshoni ikayamba kumveka chapatali. Munthu amathamangira kukweza voliyumu. Mawu a muulutsi amakweradi, koma phokoso la "shiii" lija limakwera nawo limodzi, ndiye mwangosokosera anthu apakhomo koma nkhaniyo osaimvabe. Chifukwa chake n'chakuti kumva bwino kumadalira kuti mawuwo akuposa phokoso kangati. Akatswiri a zamagetsi ali ndi nambala yoyezera zimenezi, amaitcha signal-to-noise ratio, mwachidule SNR. Kuti nambalayi ipezeke, munthu ayenera kudziwa kuyeza phokoso palokha. Phunziro lathu lagona pamenepo.

Signal n'chiyani, phokoso n'chiyani?

Tiyambire m'kalasi mwathu momwemu. Mvula ya Januwale ikamagwa pa malata, aphunzitsi amayankhula monga mwa masiku onse koma a kumbuyo samva kanthu. Mawu a aphunzitsiwo ndiye signal, kutanthauza chimene tikufuna kumva. Mvula ya padenga ndiye phokoso, chilichonse chimene chikulowa m'khutu ife osachifuna. Tsono tiyerekeze kuti wina waika maikolofoni kumbuyo kwa kalasi n'kulumikiza ku chimkuzamawu. Chimkuzamawucho chikweza mawu a aphunzitsi, chikwezanso mvula, mofanana. Batani la voliyumu limachita zomwezo basi. Njira zothandizadi zilipo zitatu: aphunzitsi akweze mawu, inu musendere kutsogolo, kapena kudenga aikeko siling'i kuti mvula isamveke kwambiri.

Pa wayilesi zili chimodzimodzi. Siteshoni monga MBC Radio 1 kapena Zodiak imatumiza mafunde kuchokera pa nsanja yake. Masiteshoni a FM amakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limapatsa siteshoni iliyonse malo ake. Mafundewa amafooka akamayenda mtunda wautali. Kuwonjezera apo, mafunde a FM amayenda pafupifupi molunjika ngati kuwala, choncho phiri limawatchinga. Phiri lathuli si lamasewera, nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. N'chifukwa chake midzi iwiri yoyandikana imatha kumva siteshoni imodzi mosiyana, wina bwinobwino, wina movutikira. Pofika pa eriyo yanu, mphamvu ya signal imakhala itachepa zedi, moti kaphokoso kakang'ono kokha kamatha kuikwirira.

Phokoso lochokera kunja

Gwero loyamba ndi mphenzi. Ikang'anima imatulutsa mafunde a wayilesi, ndipo pa AM mumamva "khwaa" nthawi yomweyo, bingu lisanamveke. Mafunde a wayilesi amathamanga ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi, pamene mawu a bingu amayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi. FM sivutika kwambiri ndi mphenzi ngati AM, ndipo Edwin Armstrong wa ku America, amene anapeza njira ya FM mu 1933, cholinga chake chinali chomwechi, kuthana ndi phokoso.

Magwero ena ndi opangidwa ndi anthu: pulagi ya njinga yamoto ya kabaza ikamadutsa pafupi, makina owotcherera zitsulo, machaja otchipa a foni, ma invata a sola, ndi mababu ena a LED. Anzathu a kufupi ndi Muloza akudziwanso za masiteshoni a ku Mozambique amene amamveka m'Chipwitikizi. Siteshoni ina ikalowerera pa imene mukumvera, kwa inu imeneyo ndi phokoso, ngakhale ikuimba nyimbo yokoma.

Phokoso lochokera mkati

Apa ndi pamene pali chodabwitsa. Mutatenga wayilesi n'kupita nayo kutali ndi mphenzi, kutali ndi kabaza ndi chaja chilichonse, phokoso lina litsalabe. Limabadwira mu wayilesi momwemo. Mu waya aliyense muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa ma electron, ndipo kutentha kumatichititsa kuti tizingoyendayenda mosalongosoka. Kuyendayenda kumeneko ndi magetsi ochepa kwambiri osinthasintha, ndipo wayilesi ikawakuza timamva "shiii".

Amene anayeza phokosoli ndi John B. Johnson, ndipo mnzake Harry Nyquist analifotokoza ndi masamu. Onse ankagwira ntchito ku Bell Labs ku America, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1928. Lamulo lake ndi lalifupi:

N = k × T × B

N ndi mphamvu ya phokoso m'mawati. k ndi nambala yosasintha ya Boltzmann, 1.38 × 10⁻²³. T ndi kutentha m'ma kelvin, ndiye kuti madigiri a Celsius kuphatikiza 273. B ndi bandwidth, kukula kwa khomo limene wayilesi yatsegula kuti mafunde alowe, ndipo amayeza m'ma hertz.

Tiyeni tiwerengere. Akatswiri amakonda kugwiritsa ntchito T = 290, amene ndi madigiri 17 a Celsius, ngati tsiku la chiperoni. Siteshoni ya FM imafuna khomo la pafupifupi ma hertz 200,000. Tikachulukitsa 1.38 × 10⁻²³ ndi 290 tipeza 4 × 10⁻²¹. Tikachulukitsanso ndi 200,000 tipeza mawati 8 × 10⁻¹⁶. Polemba yonse ndi 0.000 000 000 000 000 8. Ndi kamphamvu kochepetsetsa, koma signal ya siteshoni yakutali nayonso imafika yochepa choncho, ndiye ziwirizi zimalimbana.

Lamuloli likutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kutentha kwa Okutobala sikuwonjezera phokosoli kwambiri monga mungaganizire. Madigiri 30 ndi ma kelvin 303, ndipo 303 imaposa 290 ndi magawo osakwana 5 pa 100 alionse. Chachiwiri, khomo likakula phokoso limalowa lambiri. Mukachepetsa B ndi theka, N nayo ichepa ndi theka. Zili ngati zenera nthawi ya fumbi: mumatsegula pongokwanira mpweya basi.

Kuwerengera SNR

SNR ndi mphamvu ya signal kugawa ndi mphamvu ya phokoso. Signal ikakhala 100 ndipo phokoso 1, SNR ndi 100. Zonse zikakhala zofanana, SNR ndi 1, ndipo pamenepo mawu amira.

Poti manambalawa amakula msanga, akatswiri amawalemba m'ma decibel, mwachidule dB. Dzinali linachokera kwa Alexander Graham Bell, uja wa telefoni. Musaope, ingosungani izi pamtima:

Kuposa kawiri ndi 3 dB.
Kuposa ka 10 ndi 10 dB.
Kuposa ka 100 ndi 20 dB.
Kuposa ka 1,000 ndi 30 dB.

Mwaona? Ziro aliyense wowonjezera ndi 10 dB. Ubwino wina wa ma dB ndi wakuti kugawa kumasanduka kuchotsera. Signal ikakhala pa 70 dB ndipo phokoso pa 50 dB, SNR ndi 70 kuchotsa 50, yankho 20 dB, kutanthauza kuti signal ikuposa phokoso ka 100. Tsopano kwezani voliyumu ndi 10 dB. Signal ifika 80, phokoso lifika 60. Chotseraninso: 20 dB yomwe ija. Umenewu ndiye umboni wa masamu wakuti voliyumu sikonza kanthu.

Kayezedwe ka phokoso

Vuto la woyeza ndi ili: signal ndi phokoso zimafika zitasakanikirana ngati mchere m'ndiwo. Mita siingakuuzeni kuti gawo ili ndi la mawu, gawo ili ndi la phokoso. Choncho amayeza kawiri. Koyamba amayeza signal ilipo, n'kupeza signal ndi phokoso pamodzi. Kachiwiri amayeza signal kulibe, n'kupeza phokoso lokha. Kenako amachotsera kuti atsale ndi signal yokha, n'kugawa.

Chitsanzo: tiyerekeze kuti mita yoyeza mphamvu yaonetsa 22 muulutsi akuyankhula, ndipo yaonetsa 2 atakhala chete. Signal yokha ndi 22 kuchotsa 2, yankho 20. SNR ndi 20 kugawa ndi 2, yankho 10, ndiye kuti 10 dB. Chitsanzo china: mita yaonetsa 6 kenako 2. Signal ndi 4, SNR ndi 2, ndiye kuti 3 dB. Munthu woiwala kuchotsera angagawe 6 ndi 2 n'kupeza 3, yankho lolakwika. Signal ikakhala yofooka, kuchotsera kumeneku n'kofunika kwambiri.

Akatswiri ali ndi makina opangira signal yodziwika mphamvu yake, imene amayatsa ndi kuzimitsa mmene afunira. Ife tilibe, komabe titha kuyeza ndi zimene zilipo. Pezani wayilesi ya mabatire, yokhala ndi kabatani kotembenuza posaka siteshoni, ndi foni imene ili ndi pulogalamu yoyeza kukula kwa mawu m'ma dB. Mutu umodzi susenza denga, khalani atatu: wina agwire foni, wina awerenge manambala, wina alembe.

1. Sankhani malo a zii, kopanda nkhuku, ana kapena chigayo, apo ayi muyeza phokoso la m'mudzi m'malo mwa la wayilesi.
2. Ikani foni pafupi ndi sipika ndipo musaisunthenso. Voliyumu musaikhudzenso mpaka mutamaliza.
3. Sankhani nthawi yowerenga nkhani, pamene kumbuyo kulibe nyimbo.
4. Muulutsi akamayankhula, lembani nambala kasanu n'kupeza avereji.
5. Akapuma pakati pa nkhani ina ndi ina, lembani nambala ya pamenepo. Chitaninso kasanu.
6. Chotserani avereji yachiwiri ku yoyamba. Kusiyanako kukafika 10 dB kapena kuposa, mutha kukutenga ngati SNR yanu, poti kulakwika kwake sikufika theka la dB.
7. Sinthani chinthu chimodzi chokha, monga kutalika kwa eriyo, n'kuyambiranso.

Misampha itatu

Msampha woyamba ndi kuyeza phokoso pakati pa masiteshoni. Pa FM, pamalo popanda siteshoni, "shiii" amalira mokweza kwambiri chifukwa wayilesi imakuza chilichonse chimene yapeza. Siteshoni yamphamvu ikangolowa, phokosolo limatsika lokha ngakhale muulutsi asanatsegule pakamwa. Ndiye mukayeza pakati pa masiteshoni mupeza phokoso lalikulu kuposa limene likukuvutitsanidi. N'chifukwa chake ndati mudikire muulutsi apume, siteshoni ikadali pomwepo.

Msampha wachiwiri ndi kuwerenga kamodzi kokha. Phokoso silikhazikika, limakwera n'kutsika kangapo pa sekondi imodzi. Nambala imodzi ikhoza kukunamizani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anzanga: werengani kangapo.

Msampha wachitatu ndi wa amene angagwiritse ntchito mita ya amakaniko a mawayilesi, yoyeza ma volt pa mawaya a sipika. Ma volt si mphamvu. Mphamvu imayendera ma volt kuchulukitsa ndi ma volt omwewo. Mukapeza 1 volt poyankhula ndi 0.1 volt pa chete, ma volt asiyana ka 10 koma mphamvu yasiyana ka 10 × 10, ndiye kuti ka 100, kapena 20 dB. Ndipo chonde, wayilesi yolumikiza ku magetsi a ESCOM musaitsegule. Zoyesa zathu ndi za mabatire basi.

Pa foni ndi pa dikoda

Mizere ya netiweki pa foni ya TNM kapena Airtel imangoonetsa mwachidule. Mafoni ambiri a Android amaonetsa nambala yeniyeni mukalowa ku Settings n'kufufuza za SIM. Nambalayo imalembedwa m'ma dBm ndipo imakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo. 0 dBm ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a wati. Foni yoonetsa -70 dBm ikulandira mphamvu yoposa ka 1,000 foni yoonetsa -100 dBm, poti zasiyana ndi 30 dB.

Nanga phokoso lili pati? Netiweki ya 2G nayo imagwiritsa ntchito khomo la ma hertz 200,000, ndipo mawati 8 × 10⁻¹⁶ tinapeza aja, m'ma dBm ndi -121. Foni ikaonetsa -110 dBm ndiye kuti signal yangotsala ndi 11 dB pamwamba pa phokoso la kutentha, ndipo zipangizo za mu fonimo zimawonjezeranso phokoso lawo. Ndi nthawi imene mumamva munthu akungoti "halo, halo, mukuduka". Akakwera pa chulu n'kupeza 10 dB yowonjezera, signal yakula ka 10. Aja amakwera pa chulu poimba foni akuchita sayansi osadziwa.

Pa dikoda ya kanema mumaona mizere iwiri, wina wa strength, wina wa quality. Woyamba umaonetsa mphamvu yonse yolowa. Wachiwiri umayendera kuyera kwa signal poyerekeza ndi phokoso. Woyamba ukhoza kukhala wodzaza chithunzi n'kumadukabe ngati wachiwiri watsika. Poloza mbale kapena eriyo, yang'anani wachiwiriwo.

Chifukwa chake tiyenera kusamala

Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre anali ena mwa maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo anthu oposa 600 anamwalira m'dziko muno. Magetsi anathima m'madera ambiri, misewu ndi milatho zinaduka, mafoni anatha moto. Pa nthawi yotere, wayilesi ya mabatire ndi imene imabweretsa machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA. Koma taganizani: nthawi ya mvula yamkuntho ndi yomwenso mphenzi zimachuluka, mabatire afooka, ndipo padenga pali chiphokoso. Chenjezo likamatchula mitsinje, kusiyanitsa Ruo ndi Thuchila, kapena "lero" ndi "mawa", kumadalira ma dB ochepa chabe. Khomo lililonse liyenera kudziwiratu, dzinja lisanafike, malo m'nyumba amene wayilesi imamveka bwino.

Nazi njira zokwezera SNR popanda kugula kanthu. Tulutsani eriyo yonse. Funde la 100 MHz ndi lotalika mamita 3, ndipo eriyo imagwira bwino ikakhala gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, ndiye kuti masentimita 75. Mukamamvera wayilesi ya pa foni, waya wa mahedifoni ndiye eriyo, muutambasule. Pa AM tembenuzani wayilesi yonse pang'onopang'ono, poti eriyo yake ili mkati. Ikani wayilesi pafupi ndi zenera, kutali ndi chaja ndi invata. Ngati ili ndi batani la mono ndi stereo, siteshoni yofooka imveni pa mono, phokoso limatsika kwambiri. Sungani mabatire atsopano padera. Ngati munamangirira waya wautali panja, muuchotse ku wayilesi mphenzi zikayamba.

Phokoso limene linabweretsa ulemu

Kuyeza phokoso mosamala kunathandizapo asayansi kutulukira zinthu zazikulu. Karl Jansky wa ku Bell Labs anapatsidwa ntchito yofufuza phokoso losokoneza matelefoni a wayilesi. Anapeza la mphenzi zapafupi, la mphenzi zakutali, ndi "shiii" wina wosatha. Mu 1933 analengeza kuti ameneyu akuchokera chapakati pa mlalang'amba wathu wa nyenyezi. Kufufuza zakuthambo ndi mafunde a wayilesi kunayambira pamenepo.

Mu 1964, Arno Penzias ndi Robert Wilson anapeza kaphokoso kotsalira mu eriyo yawo yaikulu ku Holmdel, New Jersey. Anawerengera magwero onse amene ankawadziwa n'kuchotsera, monga tachitira ife pamwambapa, koma kanatsalabe. Anafika pothamangitsa nkhunda zimene zinamanga zisa mu eriyomo n'kukolopa zitosi zake. Kaphokosoko sikanachoke. Kenako zinadziwika kuti ndi mafunde otsalira a pachiyambi pa chilengedwe, ndipo mu 1978 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Kuno ku Africa, ku dera louma la Karoo ku South Africa kuli MeerKAT, gulu la mbale zikuluzikulu 64 zomvera mafunde a kuthambo, limene linatsegulidwa mu 2018. Analiika kutali ndi mizinda kuti athawe phokoso la anthu, ndipo zipangizo zake zolandirira mafunde amaziziziritsa kwambiri kuti T wa m'lamulo lathu lija atsike. Ndi masamu omwewa a k × T × B, kungoti ndalama zake n'zambiri.

Mafunso a mwezi uno

1. Mita ya mphamvu yaonetsa 33 muulutsi akuyankhula ndi 3 atakhala chete. SNR ndi zingati? Nanga m'ma dB?
2. Foni ina ikuonetsa -80 dBm, ina -100 dBm. Ikulandira mphamvu yambiri ndi iti, ndipo ikuposa inzake kangati?
3. Bandwidth ikachepetsedwa ndi theka, phokoso la kutentha litsika ndi ma dB angati?
4. N'chifukwa chiyani pa AM timamva "khwaa" bingu lisanagunde?

Lembani mayankho papepala, pamodzi ndi dzina ndi kalasi yanu, n'kupereka kwa a komiti ya magaziniyi. Amene muyese zoyeza zija kunyumba, bweretsaninso manambala anu ndi dzina la mudzi wanu, kuti tione mbali ya phiri imene siteshoni iliyonse imamveka bwino. Mayankho olondola tidzawapachika pompano mwezi wamawa.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2